Mtembo wa M'sewero Langa

1

Dzina langa ndine Lefina. Ndinali mphunzitsi wa sitandade 7 pasukulu ina kufupi ndi Kaluluma, ndipo amene anadutsa m'manja mwanga angakuuzeni kuti sindinali munthu wochita naye masewera. Ndikanena chinthu chinali chomwecho basi, wotsutsa ankaona zakuda. Mwamuna wanga anamwalira ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, mwana tinalibe. M'bale amene ndinali naye pafupi anali mlongo wanga Esau, wobadwa pambuyo panga, mlimi wa fodya wa bale. Esau ndinamulera ndine mayi athu atatisiya, ndipo ngakhale atamera ndevu n'kukwatira, ndinkamukalipirabe ngati mwana wa m'kalasi mwanga. Iye ankangoseka.

Kwa zaka ziwiri anthu akwathu ankamuloza chala Esau kuti anapha munthu pabwalo la mpira, masanasana, khamu la anthu likuonerera. Mlongo wanga sanaphe munthu. Ine ndinkadziwa bwino lomwe, koma ndinatseka pakamwa. Chimene chinanditseka pakamwacho ndikuuzani, koma mundilole ndiyambire pa sewero, chifukwa zonse zinayambira pamenepo.

2

Parishi yathu inkakwanitsa zaka makumi asanu m'mwezi wa Julaye, ndipo ansembe anandipempha kuti ndikonze sewero la pachikondwererocho. Akomiti ankafuna la mwana wolowerera. Ndinawauza mosapsatira kuti limenelo taonerera kokwanira, ngakhale nkhuku za pamishoni zikulidziwa. Ndinalemba langalanga, la nkhondo yapachiweniweni ya kalekale, mfuti zisanafike m'dziko muno. Mfumu yaikulu yamwalira. Mwambo ukuti mpando ndi wa mphwake, mwana wa mlongo wake, koma mwana wake womubereka yekha akukana, akuti bambo anga sanakhetse thukuta kuti adyerere wina. Dziko ligawika pakati, abale aphana, ndipo pomaliza mwana wa mfumu uja agwa ndi mkondo, mudzi wake autentha.

Holo yoti n'kukwana anthu a nthambi zonse za parishi tinalibe, choncho tinasankha bwalo la mpira, kumunsi kwa tchalitchi. Zovala zinali ziguduli zomangira mabelo a fodya, mikondo ya nsungwi, zishango za makatoni opaka dothi. Malo a mphwake wa mfumu ndinapatsa Gomezgani, mnyamata wamtali wa kwaya. Koma wokhala mwana wa mfumu ndiye anandisowetsa mtendere. Ndinayesa anyamata atatu, onse ankayankhula ngati akuwerenga zolengeza za m'tchalitchi.

Tsiku lina tikuyeserera, bambo wina amene anaima m'mbali mwa bwalo anaseka mokweza. Ndinamufunsa chamuseketsa. Anati akuseka mkondo, chifukwa mnyamatayo waugwira ngati akupita kukapalira. Ndinapsa mtima, ndinamuponyera mkondowo kuti atisonyeze iyeyo wodziwayo. Abale inu, anautola, anaima mowongoka, anabwereza mawu amene anangowamva kamodzi, ndipo bwalo lonse linangoti zii. Ameneyo anali Lemani, tenanti wochokera ku Machinga, wa pa esiteti ya kuseri kwa sukulu yathu.

Akomiti anang'ung'udza. Akuti Msilamu, tenanti, atenge bwanji malo aakulu m'sewero la parishi ana a Akhristu alipo? Ndinawauza kuti ngati sakufuna alembe lawo. Nkhani inathera pomwepo.

Vuto linali limodzi. Lemani anali ndi mphumu, ndipo nyengo yosankha fodya inkamuzunza, fumbi la m'chigafa mbali iyi, chisanu mbali inayo. Ankayenda ndi kampope kopopera mankhwala m'kamwa kamene anamupatsa kuchipatala. Tsono chiguduli chilibe thumba. Komanso m'gawo lomaliza iye ankagona pansi ngati mtembo, atamufunditsa mphasa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo lamulo langa linali lakuti mtembo sugwedezeka, ngakhale utalumidwa ndi linthumbu. Wogwedezeka ndinkamutsuka mkamwa pamaso pa anzake.

Ndiye tinapangana chonchi. Kampope ndizisunga ine. Malo anga anali kuseri kwa kampanda ka udzu, kumene ndinkakhala ndi pepala komanso ng'oma yosinthira magawo, mapazi atatu okha kuchokera pomwe iye ankagona. Chifuwa chikamugwira azitulutsa dzanja kunsi kwa mphasa, mbali yanga, kumene oonerera sangaone, ine ndizimukankhira kampopeko. Pokonzekera anatulutsa dzanja kawiri, ndipo kawiri konseko zinayenda bwino, palibe anazindikira. Pangano limeneli ankalidziwa ndi anthu a m'sewero okha.

3

Lemani sankatha kuwerenga bwino, sukulu anasiyira sitandade 3. Mawu ake ndinkamuwerengera ine, iye n'kumaloweza, ndipo pa chifukwa chimenecho ankabwera kunyumba kwanga Lamlungu lililonse masana. Sindikunamizani, pofika Meyi mawu onse anali atawaloweza, koma kubwerako sikunathe.

Ine amene ndinkalangiza atsikana a m'kalasi mwanga kuti asamatengeke ndi mawu otsekemera, ndinatengeka kuposa onsewo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudya ndekha, kugona ndekha, kuyankhula ndi wailesi. Munthuyo ankandiseketsa mpaka nthiti kuwawa, ndipo anali yekhayo amene sankandiopa. Ndikamukalipira ankangopendeketsa mutu n'kunditsanzira mmene ndikuyankhulira, ine n'kulephera kupitiriza. Ndinamukonda, ndipo mpaka lero sindinganene kuti sindinamukonde.

Ndinamufunsa za kwawo. Anati mkazi anali naye koma ukwati unatha kalekale, chatsala ndi mwana mmodzi amene akukhala ndi mayi ake. Anati fodya akakagulitsidwa ku Chinkhoma, matenanti anzake akamadzakwera lole kubwerera kummwera, iye sadzakwera nawo. Ndinakhulupirira, mpaka ndinakasoketsa makatani atsopano.

Anthu anayamba kunong'ona. Esau anabwera tsiku lina, anakhala pakhonde nthawi yaitali akukanda m'mutu, kenako anati matenanti ambiri amasiya akazi kwawo, ndisamale. Ndinamulalatira, ndinamufunsa kuti pakati pa iye ndi ine analera mnzake ndani. Anadzuka n'kumapita. Koma Loweruka lotsatira anakumana ndi Lemani pasitolo ku Kaluluma, ndipo pamaso pa ogula ndi akabaza, Esau wofatsa uja anamugwira malaya pakhosi.

"Ukadzawaliritsa achemwali anga udzandiona. Kwanu ku Machinga sudzabwererako wamoyo."

Anthu anaseka, chifukwa Esau anali asanamenyepo ngakhale galu. Anaseka, koma mawuwo anawasunga.

Esau nayenso anali ndi ntchito m'sewero. Iye ndiye anamanga tinyumba tinayi ta udzu toimira mudzi wotenthedwa uja, ndipo woyatsa analinso iye. Pokonzekera sitinayatsepo, chifukwa udzu unali wosowa chaka chimenecho, moto wolusa unali utadutsa m'dambo msanga. Ndinangomulamula kuti patsikulo ndikufuna utsi weniweni, woti auone ngakhale a ku Chamama, osati kautsi kophikira tiyi. Anati musadandaule achemwali, muuona.

4

Tsikulo linali Loweruka, ndipo kunacha kozizira koopsa. Kumwamba kunali mbuu, dzuwa osaoneka, mphepo yake yolowa m'mafupa. Anthu anabwera atafunda zitenje ndi mabulangete, ena pa ngolo, ena pa njinga, ndipo pofika 1 koloko bwalo linali litadzaza mpaka anyamata kukwera m'mitengo ya bulugamu. Anthu anga anali kuseri kwa makalasi, zifuwa pamtunda, akudzola phulusa, mano akugundana.

Ndikugawa mikondo, mayi wina anabwera n'kugwada patsogolo panga. Anali wamng'ono thupi, atamanga mpango kumutu, atagwira kamtsikana padzanja. Anali ndi pathupi, mimba ya miyezi yomaliza.

"Ndinu aphunzitsi? Ine ndine Patuma, mkazi wawo wa a Lemani. Ndafika dzulo kuchokera ku Machinga. Ndati ndikuthokozeni. Amandiuza pafoni kuti mumawasungira mankhwala awo, mumawasamala ngati m'bale wanu. Mulungu akudalitseni."

Ndinayang'ana mimba ija. Ndine mphunzitsi, miyezi ndimaidziwa. Lemani anali atandiuza yekha kuti anapita kwawo mu Novembala, akuti kumaliro a amalume ake. Ndinamuyankha mayiyo kuti zikomo, akakhale kutsogolo kuti akaone bwino. Mawu anga sananjenjemere n'komwe, koma m'makutu munkangolira.

Lemani ndinamupeza yekha m'kalasi, akudzipaka phulusa pamapewa. Atangoona nkhope yanga anadziwa. Anayamba kuyankhula mothamanga kuti sanamuitane, wangotulukira, tikambirana sewero likatha, ndisaganize zambiri. Ndinamudula. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, ngati adzakwere lole ija kapena ayi. Anayang'ana pansi.

"Ana, aphunzitsi. Ndingawataye bwanji ana?"

Kenako, ngati kuti palibe chachitika, anapisa m'thumba la buluku lake limene anali atapachika pazenera, anatulutsa kampope n'kundipatsa monga ankachitira masiku onse. Ndinalandira, ndinaika m'thumba la juzi yanga, ndinatuluka kukaimba ng'oma yoyambira.

5

Tsopano ndikuuzani zimene anthu onse anaona.

Sewero linayenda kuposa mmene ndinkalotera. Anthu anaiwala chisanu. Pamene Lemani ankafunsa akuluakulu a dziko kuti mwana amene anasenza mkondo wa bambo ake kuyambira ali wamng'ono angamupitikitse bwanji ngati mlendo, abambo ena ankagwedeza mitu, amayi ena ankapukuta m'maso ndi zitenje. Nkhondo itayamba fumbi linachita kobo, anthu akukuwa, ena kumbali ya mwana, ena kumbali ya mphwake, mpaka azigogo awiri anatsala pang'ono kumenyana zenizeni. Gomezgani anamubaya Lemani, iye anagwa chagada, anamufunditsa mphasa. Amayi a kwaya asanu ndi atatu anamuzungulira chapatali n'kuyamba nyimbo ya maliro. Esau anayatsa tinyumba tija.

Utsi umene unatuluka unali wachikasu, wolemera, wosakwera kumwamba. Pofuna kundisangalatsa, Esau anali atadzaza tinyumbato ndi mapesi a fodya amene anazula m'munda mwake, osauma bwino. Alangizi amatiuza chaka ndi chaka kuti mapesiwo tizizula ndi kutentha kuti matenda asagonere m'munda, ndiye iye anaona kuti ntchito ziwiri zitheka pamodzi. M'mawa mphepo inkakankhira kumbali yopanda anthu, koma itakwana 3 koloko inatembenuka. Utsi wonse unakwawa pansi n'kuphimba mphasa ija. Amayi oimba ankatsokomola, misozi ili chuchuchu, oonerera n'kumati koma ndiye amayi awa akudziwa kulira.

Nyimbo ija inatalika. Inkayenera kuimbidwa kamodzi, koma inaimbidwa kanayi. Ng'oma itamveka, Gomezgani anayankhula mawu ake omaliza, anthu anaimirira akuomba m'manja, amayi akuimba nthungululu. Onse ophedwa pankhondo anadzuka akusasa fumbi. Mphasa yokha sinagwedezeke. Anthu anaseka, wina anakuwa kuti mtembo uwu ndiye ukudziwa ntchito. Gomezgani anapita akumwetulira n'kuvundukula.

Milomo ya Lemani inali itada, maso ali tong'o, phulusa la pachifuwa litakandikakandika ndi zala zake. Ndinathamanga, ndinamupopera m'kamwa kamodzi, kawiri, kasanu. Galimoto ya ansembe inamutenga, koma anakafika kuchipatala atatha kale. Patuma sanakuwe. Anangokhala pansi pafumbi pomwepo, atatambasula miyendo, akuyang'ana mphasa.

6

Maliro asananyamuke kupita ku Machinga, mlandu unali utapeza kale mwini wake. Mwana aliyense wa ku Kasungu amadziwa kuti utsi wa mapesi a fodya umatsamwitsa ngakhale munthu wabwinobwino. Esau ankadziwa kuti Lemani ali ndi mphumu. Ndipo Esau anali atanena pasitolo, anthu akumva, kuti munthuyo sadzabwerera kwawo wamoyo. Matenanti a pa esiteti anabwera ndi zikwanje, ndipo pakanapanda ansembe kuima pakhomo nyumba yake ikanapsa. Apolisi anamutenga, anakhalako masabata atatu.

Inenso anandiitana. Gomezgani anali atawauza za pangano lathu, ndiye wapolisi anandifunsa ngati Lemani anatulutsa dzanja.

"Sanatulutse. Ndinali pomwepo, ndikanaona."

Za nyimbo yotalika ndinati utsi unandisokoneza, pepala sindinkaliona. Anandikhulupirira. Mphunzitsi, wa bungwe la amayi, woimirira kuwerenga mawu m'tchalitchi, anganame chifukwa chiyani?

Esau anamutulutsa poti panalibe umboni wakuti anachita dala, koma kwa anthu mlandu sunathe. Anamupatsa dzina la Chiutsi. Akafika pasitolo, macheza ankaduka. Anzake a kalabu ya alimi anamuchotsa, akuti sangasankhe fodya ndi munthu wa mtima wotero. Mkazi wake Agnesi anapirira miyezi isanu ndi itatu, kenako anatenga ana awo awiri n'kupita kwawo ku Chamama, akuti watopa ndi kutukwanidwa pamjigo.

Choipa kwambiri n'chakuti Esau mwiniwake anakhulupirira. Ankabwera kwanga, kukhala pakhonde, n'kumabwereza zomwezomwezo, kuti akanangoyatsa udzu wokha, akanangoyang'ana kumene mphepo ikupita. Anaonda, ndevu osameta, munda unalowa thengo. Ine ndinkamuphikira tiyi n'kumamuuza kuti inali ngozi, asiye kudzizunza. Tangoganizani, ine kumutonthoza iyeyo.

Kangapo ndinatsegula pakamwa. Nthawi iliyonse ndinkaganiza za ntchito yanga, za dzina langa, za amayi a kutchalitchi mmene adzandiyang'anire, n'kumeza mawu. Ndinkadziuza kuti anthu aiwala, fodya akagulitsidwa kawiri adzapeza nkhani ina. Sanaiwale.

Julaye wachiwiri atafika, m'mawa wina wozizira ngati tsiku lija, mnzake wolima naye moyandikana anamupeza Esau atagwa m'chigafa, atamwa mankhwala a m'munda. Anamuthamangitsira kuchipatala pa njinga yamoto, ndipo madokotala anamupulumutsa.

7

Esau anayamba kuyankhula tsiku lachitatu. Inali nthawi yoona odwala masana, ndinali nditamubweretsera phala. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndimukhululukire chifukwa wandichititsa manyazi kawiri, poyamba anandiphera munthu amene ndinkamukonda, tsopano izi.

Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinaika bakuli pansi.

"Esau, Lemani anatulutsa dzanja."

Sanamvetse kaye. Ndinabwereza, ndipo ndinamuuza zonse monga ndikukuuzani inu tsopano.

Utsi utangofika pa mphasa, dzanja linatuluka. Ndinaliona bwinobwino, linali pafupi moti ndikanatha kuligwira. Kampope kanali kale m'manja mwanga. Ndinakweza maso, ndinaona Patuma kutsogolo kuja, atagwira mimba yake, akumwetulira monyadira mwamuna wake. Mtima wanga unawira. Ndinadziuza kuti amve kaye kuwawa pang'ono, naye adziwe mmene kubanika kumakhalira, ndimupatsa nyimbo ikatha.

Nyimbo inatha. Amayi anandiyang'ana kudikira ng'oma, ine osaimba. Anabwereza. Dzanja lija linayamba kukanda pansi, kufukula dothi, kenako kumenya pansi ndi chikhatho. Akanatha kudzuka, kutaya mphasa n'kukuwa, anthu akanamuthandiza. Sanatero, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndinali nditamuuza kambirimbiri kuti mtembo sugwedezeka, ndipo iye sankakayika kuti ndimupatsa, poti ndinali ndisanalepherepo. Ankandidikira.

Nyimbo ili kachitatu, zala zinatambasuka n'kukhala bata. Ndinaganiza kuti wakwiya, wangondisiya. Ayi, ndikunama. Ndinadziwa. Ndinalola nyimbo ipite kachinayi chifukwa ndinkaopa kuimba ng'oma, ndinkaopa chimene akapeze akavundukula.

Sindinkafuna kuti afe. Zimenezi ndinamuuza Esau katatu. Anachotsa dzanja lake m'dzanja langa pang'onopang'ono, anayang'ana kudenga.

"Zaka ziwiri, achemwali. Munkandiphikira tiyi."

Ndinagwada pambali pa bedi, odwala ena akuyang'ana. Ndinalira, ndinamupempha kuti andikhululukire, anditukwane, andimenye ngati akufuna. Anandisiya ndilire mpaka ndinatopa.

"Musandiuze ine. Mukawauze amene anaomba m'manja aja. Mukamuuze Agnesi. Mukamuuze mayi wa ku Machinga uja."

Anatembenukira kukhoma, ndipo phala lija sanalikhudze.

8

Lamlungu lotsatira, misa itatha, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira osaitanidwa. Ndinanena zonse, kuyambira Malamlungu a kunyumba kwanga mpaka dzanja lija. Ndinkayembekeza kuti andikuwiza kapena kundiponya miyala, mwina zikanandipepukira. Tchalitchi chinangoti zii. Mayi mmodzi wa kwaya, mwa amene anaimba nyimbo ija kanayi, anatuluka atagwira pakamwa n'kukasanza panja. Lolemba ndinapita kupolisi, analemba zonse, anati adzandiitana. Ntchito ndinasiya ndekha asanandiuze.

Ku Chamama Agnesi anandimvetsera ataima pakhomo, osandipatsa mpando. Anati wamva, ana azikawaona bambo awo pa holide. Koma iye anali atakwatiwa kale ndi wina, wogulitsa njinga pamsika pomwepo.

Ku Machinga ndinayenda tsiku lathunthu. Patuma ndinamupeza akupeta mpunga, mwana amene anali m'mimba tsiku lija akuyendayenda pabwalo. Patuma anandizindikira, anamwetulira, anathamangira kukatenga mkeka. Ndinamuuza kuti asavutike, amve kaye chimene ndabwerera. Anamva mpaka kumapeto, lichero lili pamiyendo. Sanandifunse za chibwenzi. Anandifunsa chimodzi chokha, ngati mwamuna wake anavutika nthawi yaitali. Ndinafuna kunama, lilime linali litazolowera. Ndinamuuza zoona, kuti anavutika mpaka nyimbo ija ili kachitatu.

"Ine ndinkaomba m'manja," anatero.

Ananyamula mwana wake n'kulowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka ndinachoka.

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni, ndipo musandimvere. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti tchimo langa ndi la mphindi zija za kuseri kwa kampanda, pamene mkwiyo unandigwira dzanja. Limenelo ndi tchimo ndithu, ndipo ndidzafa nalo. Koma Lemani ndinamulakwira mutu utatentha. Esau ndinkamulakwira m'mawa uliwonse, mutu uli bwinobwino, nditasamba, nditavala, ndikupita kukaphunzitsa ana a eni kuti bodza ndi loipa.

Masiku ano anthu amamupatsa moni Esau, kalabu inamubweza, ena anapita kukamupepesa. Ine tikakumana panjira amandipatsa moni ngati mmene angapatsire munthu wina aliyense, n'kupitirira. Ngati pali munthu amene akusenza mlandu wanu lero lino, musadikire kuti anthu aiwale, chifukwa pamene mukudikirapo iye akutaya zinthu zimene simudzatha kumubwezera. Ine dzina ndinamubwezera mlongo wanga. Koma ana ake akukulira pakhomo pa mwamuna wina.